Kuyeza timadontho ta mu stratosphere kudzera m'kuwala kwa dzuwa komwazika

Dzuwa likalowa, pansi pano mdima umayamba kugwa pamene kumwamba kukadali kowala, chifukwa mpweya umene uli makilomita 20 kapena 30 pamwamba pathu umakhala usanabisike ku dzuwa. Mthunzi wa dziko umakwera pang'onopang'ono m'mlengalenga, ndipo kuwala kumene timaona chakumadzulo pa chisisira kumachokera m'zigawo zokwerakwera za mpweya, chigawo chilichonse pa nthawi yake. Phiri la Krakatau la ku Indonesia litaphulika mu August 1883, anthu a m'mayiko akutali kwambiri anaona thambo likufiira modabwitsa madzulo alionse kwa miyezi yambiri, ndipo ku Honolulu, Sereno Bishop analongosola mkombero wofiirira umene unkazungulira dzuwa masana. Palibe amene anakwera kukagwira zimene zinali kumwambako. Zonse zimene anthu anadziwa, anazidziwira m'kuwala kwa dzuwa kumene kunamwazidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo masetilaiti a masiku ano amatsatira mfundo yomweyo, kungoti iwo amaika manambala pa zimene maso ankangoyerekeza.

Chigawo cha mlengalenga chimene nkhaniyi ikukhudza chimatchedwa stratosphere. Chimayambira pa makilomita pafupifupi 17 m'madera otentha a pakati pa dziko, kapena pa makilomita 8 mpaka 10 kufupi ndi nsonga za dziko za kumpoto ndi kum'mwera, n'kukathera cha m'ma makilomita 50. Kumeneko sikugwa mvula, ndipo mpweya susakanikirana msanga chifukwa wofunda uli pamwamba pa wozizira. Choncho utsi umene mvula ikanautsuka m'masiku ochepa ukanakhala m'munsi, ukafika kumeneku umatha chaka kapena kuposerapo ukuyendayenda mozungulira dziko. Mu 1961 Christian Junge ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatumiza zibaluni zotola tinthu ta m'mlengalenga, zoti cha m'ma makilomita 20 pali chigawo chokhalitsa cha tinthu ting'onoting'ono toyandama, timene asayansi amatitcha aerosol. Tambiri mwa tinthu timeneti si fumbi louma ayi, koma timadontho ta asidi wa sulufule wosakanikirana ndi madzi, ndipo asidiyo amatenga magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake. Kadontho kamodzi, kuyeza kuchokera pakati kufika m'mphepete, nthawi zambiri kamakhala maikulomita 0.1 kapena kuposerapo pang'ono, pamene maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mapiri akakhala chete, mbali yaikulu ya sulufuleyo imachokera ku mpweya wa carbonyl sulfide, monga Paul Crutzen anafotokozera mu 1976. Phiri likaphulika mwamphamvu, limaponya sulfur dioxide molunjika mu stratosphere, ndipo m'milungu ingapo mpweyawo umasanduka asidi.

Chifukwa chake anthu amavutikira kuyeza tinthu tochepa chonchi chinaonekera poyera phiri la Pinatubo la ku Philippines litaphulika pa 15 June 1991. Linatulutsa matani pakati pa 15 ndi 20 miliyoni a sulfur dioxide, timadontho timene tinapangidwa tinabweza kuwala kwina kwa dzuwa kusanafike pansi, ndipo mu 1992 dziko lonse linazizirapo ndi pafupifupi theka la digiri. Timadontho tomwetonso timapereka malo amene mipweya ya chlorine ndi nitrogen imasinthira mofulumira, moti ozoni, mpweya umene umatchinga kuwala koopsa kwa dzuwa, anachepa kwambiri mu 1992 ndi 1993. Amene akufuna kulekanitsa kutentha kobwera ndi zochita za anthu ndi kusintha kwachilengedwe ayenera kudziwa kuchuluka kwa timadonthoti mwezi ndi mwezi, pa msinkhu uliwonse, padziko lonse.

Vuto loyamba ndi lakuti chigawochi n'chopyapyala kwambiri. Pa nthawi ya bata, kuwala kodutsamo molunjika kuchokera pamwamba kumachepa ndi mlingo wosakwana gawo limodzi mwa 100, ndipo setilaiti yoyang'ana pansi imachititsidwa khungu ndi kuwala kwa mitambo, nyanja ndi zipululu, kumene kumaphimbiratu kachizindikiro kofookako. Njira yake ndi kuyang'ana cham'mbali, m'chizimezime, kumene mpweya umaoneka ngati kamzere kowala kokuta m'mphepete mwa dziko. Masamu ake ndi osavuta. Chifukwa choti dziko ndi lobulungira, mzere woongoka wongokhudza pansi pa chigawo chochindikala kilomita imodzi, pa msinkhu wa makilomita 20, umayenda makilomita oposa 220 usanatuluke m'chigawocho. Kanthu kosaoneka poyang'ana pansi kamachuluka maulendo mazana poyang'ana cham'mbali, ndipo kuseri kwake kumakhala mdima wa kuthambo m'malo mwa nthaka yowala.

Njira yoyamba kukhazikika inali yoyang'ana dzuwa lenilenilo pamene likutuluka kapena kulowa kuseri kwa dziko, monga likuonekera kuchokera pa setilaiti. Chipangizo chimayeza dzuwa lili pamwamba pa mlengalenga, kenako n'kumaliyezabe likumira m'zigawo za mpweya, ndipo kugawa muyezo wachiwiri ndi woyamba kumapereka mwachindunji kuchuluka kwa kuwala kumene kwatayika m'njira. Asayansi amautcha extinction mlingo umenewu wa kuzilala kwa kuwala pa kilomita iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti chipangizocho chimadziwongolera chokha pa muyezo uliwonse, ngakhale magalasi ake atakalamba, komanso sipafunika kudziwiratu kukula kwa timadontho. Bungwe la ku America la NASA linatumiza chipangizo cha SAM II pa setilaiti ya Nimbus 7 mu 1978, ndipo china chotchedwa SAGE II chinagwira ntchito kuyambira 1984 mpaka 2005. Chofooka chake ndi chimodzi koma chachikulu. Setilaiti yozungulira dziko maulendo pafupifupi 15 pa tsiku imaona dzuwa likutuluka ka 15 ndi kulowa ka 15, zomwe zikutanthauza miyezo 30 yokha pa tsiku, ndipo zimatenga milungu ingapo kuti miyezoyo ifalikire kuchokera kumpoto kufika kum'mwera. Mtambo wa phiri lophulika ukhoza kuzungulira dziko osadutsa pamene chipangizo chikuyang'ana.

Apa ndi pamene pamabwera njira yoyeza kuwala komwazika. M'malo modikira dzuwa, chipangizo chimayang'ana m'chizimezime pena paliponse pamene kuli masana, dzuwa lili cham'mbali, kutsogolo kapena kumbuyo, n'kuyeza kuwala kumene mpweya ndi timadontho tapatutsira kwa icho. Zili ngati fumbi la m'chipinda chamdima, limene silioneka mpaka kuwala kolowera pa kabowo kutaliwomba. Setilaiti ya Solar Mesosphere Explorer, imene inaponyedwa mu 1981, inaona motere mtambo wa phiri la El Chichón la ku Mexico mu 1982, koma njirayi inakhwima m'zaka za m'ma 2000. Chipangizo cha ku Canada cha OSIRIS chinakwera pa setilaiti ya ku Sweden yotchedwa Odin mu February 2001, ndipo setilaiti yonseyo imagwedezeka ngati munthu wovomera ndi mutu kuti diso la chipangizocho likwere ndi kutsika m'zigawo za mpweya. Chipangizo cha SCIAMACHY chinagwira ntchito pa setilaiti ya Envisat kuyambira 2002 mpaka 2012. OMPS Limb Profiler, pa setilaiti ya Suomi NPP imene inaponyedwa mu October 2011, sigwedezeka n'komwe, koma imajambula msinkhu wonse nthawi imodzi kudzera m'timipata titatu, ndipo imapereka miyezo masauzande angapo pa tsiku. Chipangizo chimenechi chinatha kuona ngakhale fumbi la mwala wochokera kuthambo umene unaphulikira pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia pa 15 February 2013, n'kulitsatira likupanga lamba wozungulira kumpoto kwa dziko.

Koma kuchuluka kwa miyezoku kuli ndi mtengo wake. Chimene chipangizo chalandira ndi kuwala basi, ndipo kuwalako sikunena kumene kwachokera. Mbali yaikulu imamwazidwa ndi mpweya weniweniwo, motsatira lamulo limene Lord Rayleigh anafotokoza mu 1871, loti tinthu tochepa kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwa funde la kuwala timamwaza mafunde afupiafupi mwamphamvu zedi kuposa aataliatali. Funde likafupika ndi theka, kumwazikako kumachuluka ka 16, ndipo n'chifukwa chake thambo limaoneka lobiriwira masana. Timadontho ta asidi, popeza kukula kwake kukuyandikira kutalika kwa funde lenilenilo, timatsatira masamu ovuta amene Gustav Mie anawalongosola mu 1908, ndipo sitisankha mtundu wa kuwala kwambiri chotero. Pachifukwachi oyeza amasankha kuwala kofiira ndi kopitirira kufiira, kumene mpweya umamwaza pang'ono koma timadontho tikadamwazabe. OSIRIS imagwiritsa ntchito funde lotalika mananomita 750 (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a maikulomita), pamene OMPS imayeza pa mafunde angapo mpaka kufika cha m'ma 997, ndipo onse amapewa malo amene ozoni, oxygen kapena nthunzi ya madzi imameza kuwala kwambiri.

Tiyeni titsatire muyezo umodzi kuchokera pa chipangizo kufika pa nambala. Chipangizo chabweretsa mndandanda wa kuwala pa msinkhu uliwonse, tinene kuyambira makilomita 10 mpaka 45, motalikirana kilomita imodzi kapena awiri. Choyamba, kuwala kwa pa msinkhu uliwonse kumagawidwa ndi kuwala kwa cha m'ma makilomita 35 mpaka 40, kumene amakuganizira kuti kulibe timadontho, kuti zolakwika za chipangizo ndi mbali ya kuwala kochokera pansi zifafanizike. Kenako kompyuta imawerengera mmene chizimezime chikanawalira kukanakhala mpweya wokhawokha, pogwiritsa ntchito kutentha ndi kulemera kwa mpweya kochokera kwa akatswiri a zanyengo. Kuwerengeraku n'kolemera, pakuti kuwala sikumwazika kamodzi kokha. Kwina kumatsika kukagunda mtambo kapena madzi oundana, n'kubwerera m'mwamba, n'kumwazidwanso kulowa m'chipangizo, ndipo pamwamba pa malo owala kwambiri kuwala kotereku kumatha kuyandikira theka la zonse zimene zalandiridwa. Mapulogalamu monga SASKTRAN ya ku yunivesite ya Saskatchewan ndi SCIATRAN ya ku yunivesite ya Bremen analembedwa kuti atsatire njira zonsezi m'mlengalenga wobulungira. Kusiyana kwa kuwala koyezedwa ndi kowerengera ndiye chizindikiro cha timadontho. Kompyuta imaikamo timadontho tongoyerekeza, n'kuwerengeranso, n'kuonjezera pamene kuwala kwachepa ndi kuchotsera pamene kwachuluka, mobwerezabwereza mpaka ziwirizo zitagwirizana. Popeza mzere woyang'ana pa makilomita 18 umadutsanso m'zigawo zonse za pamwamba pake, cholakwika cha kumwamba chimatsikira m'munsi.

M'ndondomeko yonseyi muli sitepe imodzi imene ineyo ndimaiona kuti ndiyo phata la nkhani, ngakhale kuti ogwiritsa ntchito manambalawa ambiri amaidumpha. Kuti kompyuta idziwe kuwala kumene timadontho tingatumize ku chipangizo, iyenera kudziwa mmene timagawira kuwala m'mbali zosiyanasiyana, ndipo zimenezi zimadalira kukula kwa timadonthoto, komwe n'chinthu chimene sichinayezedwe. Mpweya umamwaza kuwala pafupifupi mofanana mbali zonse, kusiyana kwake sikupitirira kuwirikiza kawiri. Timadontho timaponya kuwala kochuluka kutsogolo, kumene kumalowera kale, n'kubweza kochepa kumbuyo, ndipo kadontho kakakula, kukondera kutsogoloku kumakulanso. Aliyense amene anayang'anapo pa galasi lafumbi dzuwa lili kutsogolo kwake anaona zimenezi, chifukwa galasilo limayera mbuu, koma akatembenuka dzuwa n'kukhala kumbuyo, galasi lomwelo limaoneka ngati lopanda fumbi. Motero kuwala kofanana kukhoza kutanthauza timadontho tambiri tating'ono kapena tochepa tokulirapo, ndipo muyezo wa funde limodzi pa ngodya imodzi sungalekanitse ziwirizi.

Chimene oyeza amachita ndi kulingalira kukula kwake pasadakhale. Kwa zaka zambiri gulu la OSIRIS lakhala likuika timadontho ta maikulomita 0.08 pakati pa mndandanda wa makulidwe, nambala yogwirizana ndi miyezo ya zibaluni pa nthawi ya bata. Miyezo yodalirika yotere imachokera makamaka ku Laramie m'chigawo cha Wyoming ku United States, kumene zibaluni zonyamula makina owerenga timadontho kamodzikamodzi zinayamba kuulutsidwa mu 1971. Ndi ntchito yamtengo wapatali, komabe ndi malo amodzi, ndipo timadontho ta pamwamba pa Wyoming sitingaimire bwinobwino ta pamwamba pa nyanja ya Pacific patangopita mwezi phiri litaphulika. Zotsatira za kulingalira molakwika zimaoneka bwino pa OMPS. Chipangizochi chimayang'ana kumbuyo kwa njira ya setilaiti, ndipo chifukwa cha mmene njirayo ilili ndi dzuwa, kumpoto kwa dziko chimalandira kuwala komwazikira kutsogolo, pamene kum'mwera chimalandira kobwerera kumbuyo. Timadontho tofanana ndendende timaoneka towala maulendo makumi angapo kumpoto kuposa kum'mwera. Kukula kolingaliridwako kukaphonya, manambala amakwera mbali imodzi n'kutsika mbali ina, komanso amasinthasintha ndi nyengo za chaka motsatira malo a dzuwa, kusintha kumene wosadziwa angakuyese kwenikweni.

Choipa kwambiri n'chakuti kulingaliraku kumaphonya pa nthawi yeniyeni imene manambala akufunika kwambiri. Phiri la pansi pa nyanja la Hunga ku Tonga litaphulika pa 15 January 2022, mtambo wake unafika makilomita oposa 55, kupitirira msinkhu umene amauganizira kuti ndi wopanda kanthu. Sulfur dioxide anali wochepa, pafupifupi theka la miliyoni la matani, koma nthunzi ya madzi inali matani pafupifupi 146 miliyoni, ndipo m'chinyezi chotero asidi anapangika mofulumira, timadontho n'kukula mpaka cha m'ma maikulomita 0.4. Zonsezi zinachitikira kum'mwera, kumene OMPS imalandira kuwala kofooka kobwerera kumbuyo. Utsi wa moto wa m'nkhalango za Australia, umene unakwera mu stratosphere kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, unabweretsa vuto la mtundu wina, chifukwa utsi umameza kuwala pamene asidi sameza, ndipo kompyuta yoganiza kuti zonse ndi asidi imauwerengera molakwika. Mtambo ukachindikala kwambiri, kuwala kochokera mkati mwake sikutuluka n'komwe, choncho chipangizo chimangoona khungu lake lakunja ndipo nambala imaima osakweranso.

Pali zovuta zinanso zazing'onopo. Kuchokera pa Suomi NPP, malo amene akuyezedwa ali pa mtunda woposa makilomita 3,000, moti diso la chipangizo likapendekeka ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a digiri, msinkhu umasokonekera ndi theka la kilomita, ndipo popeza mpweya umachepa ndi theka pa makilomita anayi kapena asanu alionse, kuphonya kumeneku kumaoneka ngati timadontho tabodza. Kuwala kosokera kochokera ku dziko lowala m'munsimo kumalowerera m'magalasi. Mitambo yopyapyala ya madzi oundana pafupi ndi malire a stratosphere imafanana ndi timadontho, ndipo usiku wa miyezi yambiri wa ku nsonga za dziko sungayezedwe konse.

Ngakhale zili choncho, popanda njira imeneyi mbiri ya stratosphere ikanakhala ndi chibowo chachikulu. SAGE II itazimitsidwa mu 2005 ndipo SAGE III ya pa setilaiti ya Meteor-3M itasiya mu 2006, panapita zaka zoposa khumi SAGE III ina isanamangidwe pa International Space Station mu 2017. M'zaka zimenezo kunalibe phiri lalikulu ngati Pinatubo, koma mapiri ang'onoang'ono anaphulika motsatizana, monga Soufrière Hills ku Montserrat mu 2006, Kasatochi ku Alaska mu 2008, Sarychev ku Russia mu 2009 ndi Nabro ku Eritrea mu 2011. OSIRIS, SCIAMACHY, pamodzi ndi setilaiti ya CALIPSO imene inkawomba kuwala kwake kwa laser kuyambira 2006 mpaka 2023, zinathandiza kusonyeza kuti timadontho tinachuluka pang'onopang'ono, ndipo mu 2011 Susan Solomon ndi anzake anasonyeza kuti kuchulukaku kunachepetsako pang'ono liwiro la kutentha kwa dziko. Nkhokwe ya manambala yotchedwa GloSSAC, yoyambira mu 1979, imene mapulogalamu oyerekezera nyengo amaigwiritsa ntchito, imalumikiza zipangizo zonsezi, ndipo miyezo ya kuwala komwazika imayamba yawongoleredwa kuti igwirizane ndi ya SAGE isanalowemo. Njira ziwirizi zimadalirana, imodzi ikupereka kulondola, ina ikupereka kufalikira.

Ntchito ya masiku ano yalunjika pa kufinya kukula kwa timadontho kuchokera m'kuwala komweko m'malo mokulingalira. Njira yapafupi ndi kuyerekeza mafunde angapo, pakuti timadontho tating'ono timazilalitsa kuwala kwa mafunde afupi kwambiri kuposa aatali, pamene tokulirapo timazilalitsa onse pafupifupi mofanana. Mlingo wa kusiyanaku umadziwika ndi dzina la Anders Ångström, amene anaulongosola mu 1929, koma umapereka nambala imodzi yokha pamene zosadziwika ndi zitatu, ndizo kuchuluka kwa timadontho, kukula kwa tapakati, ndi kusiyanasiyana kwa makulidwe. SCIAMACHY, imene inkaona mpaka mafunde opitirira mananomita 1,500, inalola gulu la ku Bremen kupeza ziwiri mwa zitatuzi m'madera otentha. Ku Saskatchewan anapanga njira yophatikiza miyezo yotsatizana ya OMPS, imene imaona mpweya womwewo kangapo setilaiti ikamadutsa, kuti adziwe pamene mtambo uli m'kati mwa mzere wautali uja. Njira ina ndi kuyeza mbali imene funde la kuwala likugwedezekera, chifukwa mpweya umakuika m'mbali imodzi mwamphamvu dzuwa likakhala cham'mbali, pamene timadontho timachita zimenezi mosiyana malinga ndi kukula kwake. Chipangizo choyesera cha Aerosol Limb Imager chinaulutsidwa pa chibaluni kuchokera ku Timmins ku Canada mu 2014 kuti chiyese zimenezi.

Kufunika kwa nambala ya kukulayi kwakwera chifukwa cha ganizo limene Crutzen analibweretsanso poyera mu 2006, loti anthu akhoza kuthira sulufule mu stratosphere mwadala kuti aziziritse dziko. Kaya ganizoli ndi lanzeru kapena ayi, zotsatira zake zingadalire kukula kwa timadontho kuposa kuchuluka kwa matani othiridwa. Sulufule akathiridwa mopitiriza pamalo amodzi, asidi watsopano amamatirira pa timadontho takale m'malo mopanga tatsopano, ndipo kadontho kakapitirira theka la maikulomita kamabweza kuwala kochepa pa kulemera kwake, kamameza kutentha kochokera pansi, kenako kamagwa msanga kutuluka mu stratosphere.